Anaturuka Mpando Usanafunde

M'caka ca 2005 anthu 5,619 anasonkhana m'mzinda wa Las Vegas, ku America, kudzapikisana pa njuga ya makhadi yochedwa poker. Munthu ali yense analipira madola 10,000 napatsidwa timakobiri ta masewera, ndipo lamulo linali lakuti amene timakobiri tace tamthera aturuke, osabweranso kufikira caka cinace. Mmodzi wa iwo anali Oliver Hudson, wosewera m'mafilimu, mwana wace wa Goldie Hawn.

Pa njuga imeneyi munthu alandira makhadi awiri obisika, ndipo ena asanu aikidwa poyera kuti akhale a onse. Pa kugawa koyamba penipeni Hudson analandira ma 10 awiri. Pobvundukula makhadi atatu oyamba a poyera, panaoneka A, A ndi 10. Tsono iye anali ndi ma 10 atatu pamodzi ndi ma A awiri, ndiwo makhadi amene munthu angacezere usiku wonse osawaona. Posakhalitsa anakankhira timakobiri tace tonse pakati. Koma mnzace wopikisana naye, Sam Farha, nkhalakale amene anatsiriza waciwiri m'caka ca 2003, anali atafumbata A ndi 10, ndipo ma A atatu apambana ma 10 atatu. Hudson anaimirira naturuka.

Kodi analakwa? Iai ndithu. Makhadi amene akadamgonjetsa anali owerengeka, ndipo akatswiri ambiri akadagwa m'mbuna yomweyo, pakuti tsoka silinunkha. Ngakhale wogwira ma A awiri, ndiwo makhadi oposa onse, agonja kwa wogwira ma K awiri pafupi-fupi kamodzi pa kasanu. M'mpikisano umenewo anthu asanu ndi anai mwa khumi ali onse anabwerera kwao cimanjamanja.

Coŵaŵa kopambana si ndarama zokha ai, koma ulendo wa kucokera pa tebulo kufikira pakhomo, kupyola pakati pa anthu zikwi amene timakobiri tao tikali kulira m'manja. Pamenepo mtima umuuza munthu kuti akhale msanga pa tebulo lina abweze cace, ndipo ambiri ataya zoposa zoyamba zija cifukwa ca kusewera mtima uli wotentha. Okhwima pa njugayi sacita tero. Apatula ndarama za masewera kuti zisakhudze za cakudya, apita kukagona, ndipo kutaca adzifunsa funso limodzi lokha: kodi ndinasankha bwino monga mwa zimene ndinazidziwa pa nthawi ija? Kudandaula kwa anzao sakonda, pakuti ali yense ali nayo nkhani yace ya tsoka, ndipo womvera angodikira kuti asimbe yace.

Farha anapitirira ndi cuma cowirikiza, koma nayenso sanafike pa tebulo lotsiriza. Mphotho yaikuru, madola 7,500,000, inapita kwa Joe Hachem wa ku Australia.