Ana a m'Makomboni a ku Blantyre pa Nyengo ya Mphukira

Munthu wa kumudzi akatsika basi pa Wenela mwezi wa September kapena October, maso ake amayamba agwera pa mitengo ya jakaranda. Mitengoyi imakhala itayoyola masamba, koma yadzaza maluwa a pepo amene amagwa pansi ngati wina wayala nsalu mumsewu. Kumtunda kwa phiri la Michiru mitengo ya mombo ndi tsamba imatulutsa masamba anthete, ofiira ngati moto, mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi. Azungu kwao amasangalalira nyengo yotere m'mwezi wa March, chisanu chawo chikatha. Ife imatipeza dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira, ndipo inu kumudziko muli pa ntchito yososa ndi kugalauza.

Nyengo yomweyi ndiyo imene sukulu zimayamba chaka chatsopano. Tsono tinaganiza zoyenda m'makomboni kukaona ana amene ambiri a iwo ndi adzukulu anu omwe.

Makomboni a Blantyre anakhala m'munsi mwa mapiri. Ndirande ali patsinde pa phiri la dzina lomwelo, Chilomoni watsamira Michiru, Zingwangwa ali kufupi ndi Soche, Bangwe ali kupitirira Limbe, ndipo Machinjiri ali kuseri kwa phiri la Ndirande. M'malo onsewa anthu anasakanikirana. Mlomwe wa ku Phalombe amatunga madzi pa mpopi umodzi ndi Msena wa ku Nsanje, ndipo mwininyumba wawo kapena ndi Myao wa ku Machinga kapena Mngoni wa ku Ntcheu. Ana awo amakhala pansi m'chipinda chimodzi.

Miyezi imeneyi ndiyonso ya zikondwerero za makolo. Kumapeto kwa August Achewa amapita ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni a kwa Gomani amasonkhana pa Nkolimbo ku Ntcheu pa mwambo wa Umhlangano. Mu October malole ndi maminibasi amanyamuka ku Ndirande ndi ku Bangwe atadzaza Alomwe opita kwa Chonde ku Mulanje, ku chikondwerero cha Mulhako. Ana amene anapita nawo amabwerako mitu itadzaza nyimbo ndi nkhani. Mphunzitsi wina amawakhalitsa chete ndi ndodo. Wina amaona kuti phunziro labwera lokha pakhomo.

Pa sukulu ina ya ku Ndirande tinapeza mayi wa mtundu wachiwiriwu. Ana ake a Sitandade 2 anali opitirira zana, ndipo mabenchi munalibe. Anawagawa m'timagulu, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake, ndipo tsiku limenelo anali pa gule wa tchopa. Amene munauona guleyu mukudziwa kuti ovina amabereka katundu kumsana: makasu, zikopa za nyama, zidole, zida zosakira ndi ziwiya zakale za kukhitchini. Alomwe amavina tchopa akakolola bwino, alenje akapha nyama, ndiponso popereka nsembe pakagwa chilala kapena mliri. Mayiyu sanayambe ndi kuwauza anawo zimenezi. Anaitana kamnyamata kamene kanapita kwa Chonde kuti kafotokoze zimene kanaona, anzake nakafunsa mafunso. Pambuyo pake gulu lililonse linamanga katundu wakewake ndi makatoni, masaka ndi luzi. Anawerenga zinthu za m'katundumo, nazitchula maina, ndipo amene anatha analemba chilembo choyamba cha dzina lililonse pa dothi. Ng'oma zinali zigubu za mafuta ophikira. Phokoso linalipo ndithu, koma sitinaone mwana akusinza, ndipo masamu ndi Chichewa zinalowa anawo osadziwa kuti alowa m'phunziro.

Pawindo panali mzere wa zitini za chimanga ndi nyemba. Ana a m'tauni ambiri amadziwa ufa wa m'jumbo wogula pamsika, nkhokwe sanaionepo. Mwana aliyense anabzala mbewu zake, amathirira yekha, ndipo Lolemba lililonse amayesa mmera ndi kamtengo nadula chizindikiro. Chitini china anachiika mumdima, china anachimana madzi, kuti ana aone okha chimene chichitike. Powerengera amagwiritsa zitsekerero za mabotolo ndi njere za bwemba.

Kaphunzitsidwe kotere, koika mwana patsogolo, si kachilendo monga ena aganizira. Mayi wa ku Italy, Maria Montessori, anatsegula nyumba yake yoyamba ya ana mu 1907 m'dera la amphawi la mzinda wa Rome, malo othithikana osasiyana kwenikweni ndi Ndirande. Kwathu kuno sukulu ya Jeanes inayamba ku Domasi mu 1929, kuphunzitsa aphunzitsi kuti sukulu iziyenda pamodzi ndi moyo wa pamudzi. Mu 2007 Boma linayamba silabasi yatsopano ya pulayimale yofuna kuti mwana azichita zinthu ndi manja ake, ndiponso kuti mphunzitsi azigwiritsa zipangizo zopezeka pamalo pomwepo. Koma kunena zoona, agogo athu anazidziwa kale. Kodi masanje n'chiyani? Anthu akakolola, ana ankamanga timisasa ta mapesi, nasankha mfumu yawo, naphika zokunkha m'timiphika, naweruza milandu yawo. Panalibe wamkulu woimirira ndi choko, koma mtsikana ankatuluka m'masanje akudziwa kuthyakula nsima.

Chovuta ndi kuchuluka kwa ana. Pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, ana anachoka pa pafupifupi mamiliyoni 2 kufika pa mamiliyoni 3 m'chaka chimodzi, ndipo zipinda ndi aphunzitsi sizinakwanebe kufikira lero. Mphunzitsi wa ana zana amene amatha kugwada pa gulu lililonse ndi kumva mwana akulankhula, ameneyo ayenera kupatsidwa ulemu.

Ku Chilomoni kuli malo a ana aang'ono otchedwa Mother Teresa Children's Centre, a bungwe la Beehive, kumene masewera ndiwo maziko a phunziro. Nyumba zake n'zokongola, koma sukulu zambiri za mkombaphala m'makomboni zili m'matchalitchi, m'mashedi ndi pansi pa mitengo, ndipo olera anawo ndi amayi ongodzipereka. Dzina la mkombaphala lisakusekeni. Mwana wa njala samva ng'oma kapena chilembo. N'chifukwa chake bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002, limapereka phala la Likuni, la chimanga ndi soya, m'sukulu zambiri za Blantyre. Amayi amadzuka mbandakucha kukasonkha moto, ndipo mwana aliyense amafika ndi kapu yake.

Si zonse zimene tinaona zinatikondweretsa. Ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri kuli timasukulu tolipira kumene ana a zaka zitatu amakhala mmawa wonse akuloweza pamtima m'Chingerezi maina a nyengo zinayi za ku Ulaya. Amatchula chipale chofewa chimene sanachionepo, koma muwafunse chizimalupsa n'chiyani, angokuyang'anani. Makolo amakondwa poti mwana akulankhula Chizungu. Chingerezi n'chofunika, sitikana, koma chinkhwe nayenso amabwereza mawu. Kwinanso magule amawakumbukira pokhapokha kukubwera alendo. Ana amasankhidwa khumi odziwa kutyola m'chiuno, enawo nangokhala padzuwa kuombera m'manja.

Za gule wamkulu aphunzitsi anzeru amayenda mosamala. Amauza ana kuti bungwe la UNESCO linaulemekeza mu 2005, monga linachitiranso ndi tchopa mu 2014, koma za kudambwe amazisiyira eni ake. Beni, manganje, ngoma, chimtali ndi utse, amenewo ana amavina momasuka, ndipo n'zokoma kuona kamtsikana ka Chisena kakuphunzitsa anzake a Chiyao kaponyedwe ka phazi ka kwawo.

Pali nkhani imodzi imene ikukhudza inu a kumudzi. Ana ambiri a m'makomboni amatumizidwa kwao pa tchuthi cha August kukalowa chinamwali kapena jando. Simba likachedwa kutuluka, mwana amabwerera ku tauni anzake atatha masabata awiri kapena atatu. Amapeza magulu atagawidwa kale, chimanga cha anzake chitamera, iye alibe ngakhale chitini. Mafumu ambiri tsopano amalamula kuti zinamwali zithe sukulu zisanatsegulidwe. Anankungwi ndi angaliba akamvera lamuloli, mwambo suonongeka, ndipo mwana sataya kanthu.

Pa 15 October ndi Tsiku la Anakubala. Sabata imeneyo ana amaumba timiphika, amaluka timikeka ta mlaza, ndipo ena amapeka okha nyimbo zoimbira amayi awo. Zikatha izi maso onse amakhala kumwamba kudikira mitambo. Sukulu zina zimafesa mitengo m'timachubu kuti idzabzalidwe mvula ikakhazikika. Ana a ku Ndirande amakula akuyang'ana phiri limene mitengo yake inatha m'zaka za m'ma 1990. A ku Zingwangwa ndi Chilobwe safuna kuuzidwa zambiri: mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala ku phiri la Soche, anthu ambiri anafa, ndipo zipinda zophunziriramo zinasanduka mogona anthu othawa.

Tikayerekeza, zimene mphunzitsi wa ku Ndirande amavutika kutolera, inu muli nazo pakhomo: dongo la kudambo, mapesi, zikunje, njere, ndi nkhalamba zodziwa nthano ndi ndagi. Mudzi umene ufuna kuyamba sukulu ya mkombaphala uyambe wakhala pansi ndi a mfumu, usankhe komiti ndi amayi kapena abambo olera ana, upatule kamunda ka chimanga ndi soya ka phala mvula isanagwe, kenaka ukaonane ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma lawo kuti aulembe m'kaundula.