Nyenyezi Zamichira

Usiku woyamba tinachita manyazi. Tinaitana ana a Folomu 2 kudzaona kuthambo ndi telesikopu, ena kuchokera kutali ndithu, koma nyenyezi iliyonse inaoneka ndi mchira ngati mbululu, ndipo chithunzi chimene tinajambula chinali cha mizere yokhayokha. Cholakwa chinali chathu: tinapupuluma.

Telesikopu ya mtundu umene Isaac Newton anapanga mu 1668 ili ndi akalilole aŵiri. Wamkulu, wokumbika ngati mbale, amasonkhanitsa kuŵala; wamng'ono, wopendekeka madigiri 45, amakhotetsera kuŵalako ku diso kapena ku kamera. Aŵiriŵa akangosemphana pang'ono, michira ija imabuka. Motero m'maŵa mwake, dzuŵa likadalipo, tinayamba kuwongola wamng'onoyo, kenaka nkumapotokola pang'onopang'ono mabawuti atatu a kumbuyo kwa wamkuluyo. Kutada tinayesera pa nyenyezi imodzi. Tikaisokoneza dala kuti isaoneke bwino, iyenera kusanduka mphete yokhala ndi banga lakuda pakati penipeni.

Mizere ija inali ndi gwero lina. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, choncho choimikapo telesikopu chiyenera kuloza pamene thambo lakummwera limazungulirapo, kuti kainjini kake kazitsata nyenyezi. Pamalopo palibe nyenyezi yoŵala. Tinapapeza potalikitsa mzere wautali wa Mtanda wa Kummwera kanayi ndi theka.

Ulendo wachiŵiri mabawuti tinaŵasiyira ana omwewo. Mtsikana amene anatiseka kwambiri usiku woyamba uja ndiye analibweza banga lija pakati.