Anati zaka zinayi, chino ndi chachisanu ndi chimodzi

Abale anga a ku Nkhudzi, ndikulemba ndili ku Cape Town, ndangoweruka kumene. Dzana ndatumizanso ndalama ya lendi kwa mwana wa achemwali anga. Tsiku limene dzina lake linatuluka kuti wasankhidwa kupita ku yunivesite tinaphika mpunga ndi chambo, achemwali analulutira mpaka mawu kusasa. Anatiuza kuti maphunzirowo ndi a zaka zinayi. Chino ndi chachisanu ndi chimodzi.

Mwanayu sanalepherepo mayeso. Atangoyamba, mu Marichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Chaka china mwera unawomba osaleka, alamu anga anakhala pagombe masabata angapo, thandala lili mbee popanda usipa. Fizi, lendi ndi chakudya zinakanika, mwana anasungitsa malo nabwerera kumudzi kudzathandiza amayi ake kuwamba nsomba. Ndinamuona pa foni, maso atafiira ndi utsi, mabuku ali m'jumbo kuopa chiswe.

Kuchedwaku sikwachilendo kwathu. Mu 2011 Chancellor College ku Zomba inakhala pafupifupi miyezi isanu ndi itatu osaphunzira bwino pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi.

Musaganize kuti kuno ku Joni zonse zili myaa. Madigiri ambiri ndi a zaka zitatu, koma lipoti la Council on Higher Education la mu 2013 linapeza kuti mwa ophunzira anayi olowa m'kalasi, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amamaliza pa nthawi yake. Mu 2015 ophunzira anachita zionetsero zodandaula za fizi zotchedwa Fees Must Fall, ndipo mu Disembala 2017 Pulezidenti wa nthawiyo Jacob Zuma analengeza maphunziro aulere kwa mabanja opeza ndalama zosapitirira R350,000 pachaka. Thandizo la bomali, la NSFAS, ndi la nzika ndi amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno, ana athu ambiri obwera salilawa.

Chimene chimandigwira mtima kuno n'chakuti unduna wa maphunziro apamwamba umatsatira gulu lililonse lolowa chaka chimodzi, n'kusindikiza kuti amaliza angati, akadali pasukulu angati, asiya angati. Ife kwathu timafunsa osankhidwa, timavinira ovala gauni, koma wotsalira panjira timamupeza akugulitsa kanyenya ku Monkey Bay, osamufunsa n'komwe.

Inu amene muli kuno ku Joni, ngati kwanu kuli mwana wa pakoleji, muimbireni mwera usanayambe, mumufunse za lendi ya Juni ndi Julaye. Wathuyu watsala ndi semesita imodzi, ndipo ndalama ya malata a nyumba yanga ndaiika padera kuti imudikire.