Phukusi lilimo, koma Python ikuti mulibe

Amene tinayamba kulemba mapulogalamu pa Python 2 timakumbukira kuti uthenga wa ImportError nthawi zambiri unkatanthauza chinthu chimodzi: chimene ukufunacho mulibe mu kompyuta yako, pita ukachisake. Pa Windows, kuika NumPy ndi SciPy inali ntchito yokhetsa thukuta. Mbali zina za mapulogalamu amenewa zinalembedwa mu C ndi Fortran, ndiye pip inkayesa kuzimanga pa makina ako omwewo, n'kugwera panjira posowa kompaila. Ambiri tinkapulumukira kwa Christoph Gohlke, amene ankaika pa intaneti mafayilo omangidwa kale. Mmodzi akaipeza fayiloyo, inkayenda pa fulashi kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, poti bandulo inali yodula. Koma ikalowa, yalowa. Unkagwira nayo ntchito miyezi yambiri osaiganiziranso.

Lero kuika phukusi n'kosavuta. Mafayilo a wheel anathetsa zomanga wekha, Anaconda imabwera ndi zambiri pamodzi, ndipo pa Google Colab umapeza TensorFlow ndi scikit-learn zikukudikira. Chodabwitsa n'chakuti mzere wofiira wa ImportError uja sunathe ayi. Kuyambira Python 3.6 umabwera ndi dzina la ModuleNotFoundError, ndipo nthawi zambiri phukusilo limakhala lilimo ndithu.

Ndimaziona kwa achinyamata amene akuphunzira machine learning. Wina watsegula phunziro lolembedwa mu 2015, wakopera mzere wakuti from sklearn.cross_validation import train_test_split, wadina. Kufiira. Achotsa scikit-learn, aikanso, bandulo n'kumapita, koma uthenga womwewo. Chikhalirecho train_test_split ili bwinobwino: inasamutsidwira ku model_selection mu mtundu wa 0.18 mu 2016, ndipo malo akalewo anatsekedwa mu 0.20 mu 2018. Zili ngati kugogoda pa nyumba imene m'bale wako anasamukapo kalekale, pamene iye ali kuseri kwa msewu womwewo. Zomwezi zinachitikira joblib, imene inkapezeka mu sklearn.externals mpaka inachotsedwamo mu 0.23. TensorFlow 2.0 itatuluka mu 2019, tf.contrib yonse inapita, ndipo mapulogalamu ankhaninkhani odalira tf.Session anaima chilili.

Palinso msampha umene kale unali wosowa. Kompyuta imodzi imakhala ndi ma Python angapo: wina wa Anaconda, wina woikidwa padera, enanso m'ma venv. Pip imaika phukusi mwa uyu, Jupyter ikugwiritsa ntchito uyo. Munthu amalumbira kuti waika, ndipo sakunama. Mankhwala ake ndi kuona sys.executable kuti udziwe Python amene akugwiradi ntchito, kenako n'kuika phukusilo kudzera mwa iyeyo ndi python -m pip. (Komanso phukusi limene pokodola timati sklearn, poika ndi scikit-learn. Izi zokha zasokoneza anthu osawerengeka.)

Eni mapulogalamuwa sindiwaimba mlandu. Asanachotse kanthu amachenjeza kwa nthawi ndithu, kungoti machenjezowo anthu amawalumpha bola pulogalamu ikuyenda. Chimene chinasintha ndi liwiro. Mapulogalamu amakonzedwanso pafupipafupi, pamene maphunziro akale amakhalabe pa intaneti osakalamba pankhope, ena opanda n'chaka chomwe. Ngakhale makina oyankha mafunso amene afala masiku ano nthawi zina amakupatsa dzina lakale lomwelo, popeza anaphunzira ku zolemba zomwezo.

Tsono luso limene likufunika lero ndi lodziwa kufunsa kuti khodi iyi inalembedwera mtundu uti, osati lofunafuna fayilo. Inu amene mumalemba maphunziro kapena kugawa khodi yanu kwa ena, chonde lembani pamwamba mtundu wa Python ndi wa phukusi lililonse, ndipo musaiwale kuikapo requirements.txt.