Kabuku ka ku Golosale ndi Khadi la m'Chikwama

Kalekale, m'magolosale ambiri a kumudzi ndi a m'makomboni munkakhala kabuku kobisika pansi pa kauntala. Pakhoma pankalembedwa kuti lero kulibe ngongole, mubwere mawa, koma aliyense ankadziwa kuti mawuwo ngouza anthu odutsa. Mphunzitsi wa pasukulu yoyandikana, mlangizi wa zaulimi, namwino, ngakhale mlimi wa fodya wodikira ndalama za ku okushoni, onsewa anali ndi tsamba lawo. Mwana ankatumidwa chimanjamanja: "Akuti ababa mutipatseko shuga, mchere ndi palafini, mulembe." Agolosale ankalemba. Malipiro akatuluka, bambo ankayamba adzera kugolosale asanafike kunyumba, tsamba lija n'kudulidwa mzere.

Nthawi zambiri panalibe chiwongoladzanja, panalibenso chikole. Chimene munthu ankasiya pakauntala ndi dzina lake. Wobweza bwino ngongole ya shuga ankadzakongozedwa bulangete, mwinanso wailesi ya Nzeru, chifukwa mwini sitolo anali atamuona kwa miyezi yambiri. Wozemba ankavutika yekha: ankasintha njira yopita kumsika, ndipo akapanikizika ankathera kwa a katapila. Koma chimene ndimachisowa kwambiri m'kabuku kaja ndi malire ake. Agolosale ankadziwa zomwe mumalandira, ankadziwa kuti muli ndi ana angati. Tsamba likayamba kudzadza ankatsitsa mawu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tiyeni tidikireko kaye mwezi uthe." Zinkachititsa manyazi, inde, koma mabanja ambiri anapulumukira pamenepo.

Khadi la ngongole, lomwe ambiri amangolitcha credit card, linayamba ndi maganizo ofananawo. Diners Club itayamba ku New York mu 1950, munthu ankadya m'malesitilanti osiyanasiyana n'kudzalipira zonse pamodzi mwezi ukatha. Zinthu zinasintha mu 1958, pamene Bank of America inatumiza makhadi pafupifupi 60,000 kwa anthu a mumzinda wa Fresno ku California, n'kuwalola kubweza pang'onopang'ono, yotsalayo ikubala chiwongoladzanja. Khadi limenelo ndi lomwe linadzatchedwa Visa mu 1976. Ku Britain, Barclaycard inafika mu 1966.

Kuno kwathu makhadi ambiri omwe timatapira ndalama pa ATM si angongole, amatenga zathu zomwe za mu akaunti. Amene nkhaniyi imawakhudza tsiku ndi tsiku ndi abale athu a ku Johannesburg, Cape Town, Manchester ndi Leicester. Namwino kapena wosamalira okalamba amafika ku Britain ataleredwa kuti ngongole njoipa. Amagula zonse ndi zake, sakongola kwa aliyense, ndipo amaona kuti akuchita bwino. Tsiku lofuna foni ya kontilakiti, galimoto yolipira pamwezi kapena ngongole ya nyumba, amadabwa akumukana. Chifukwa chake n'chakuti mabungwe osunga mbiri ya okongola, omwe kumeneko ndi Experian, Equifax ndi TransUnion, alibe chomwe analembapo za iye. Sanalakwe kanthu, koma banki ilibe poonera kuti amabweza. Ulemu wonse womwe ali nawo ku Dedza kapena ku Nkhotakota suwoloka nyanja.

Apa ndipo khadi limathandiza, likagwiritsidwa ntchito ngati tsamba la shuga ndi palafini lija. Muzigulira zinthu zomwe mukanagulabe: chakudya cha sabata, mafuta a galimoto, tikiti ya basi. Kenako muzibweza yonse, osatsalako, tsiku lake lisanadutse. Wotero salipira chiwongoladzanja, pakuti makhadi ambiri a ku Britain amapereka masiku ofika 56 aulere, ndipo a ku South Africa ofika 55. Njira yosavuta ndi kuuza banki kuti izidzidulira yokha ndalama yonse mwezi uliwonse kudzera pa direct debit. Mwezi uliwonse wobweza pa nthawi yake umalembedwa, ndipo dzina limakula chonchi, pang'onopang'ono, monga linkakulira kale.

Kusiyana kwake n'kwakuti khadi lilibe nkhope. Silidzatsitsa mawu kuti mudikire mwezi uthe. Mukamabweza bwino banki imakuonjezerani malire, ndipo pa sitetimenti imakuonetsani kandalama kochepa komwe mungalipire kuti musaoneke wolephera. Kandalama kameneka ndimakaopa kwambiri. Ku Britain kamakhala pafupifupi 1 peresenti ya ngongole kuphatikiza chiwongoladzanja cha mweziwo. Tiyerekeze kuti muli ndi ngongole ya £1,000 pa khadi la 24 peresenti pachaka. Chiwongoladzanja chokha ndi pafupifupi £20 pamwezi, choncho mukalipira £30, ngongole yeniyeni yatsika ndi £10 basi. Munthu amatha zaka akulipira mokhulupirika, osaphonya, koma ngongole ili pomwepo. Alangizi a zachuma amatinso ndi bwino kusapyola gawo limodzi mwa magawo atatu a malire omwe mwapatsidwa, chifukwa khadi lodzadza mwezi ndi mwezi limaonetsa ngati mwini wake akumira, ngakhale akubweza.

Pali msampha wina womwe umatigwira ife makamaka. Foni imalira usiku: kumudzi kwagwa maliro, kapena mwana wa achemwali wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Mu akaunti mulibe kanthu, koma khadi lili m'chikwama. Mabanki ambiri amawerengera kutumiza ndalama kudzera pa khadi la ngongole ngati kutapa ndalama pa ATM. Pamenepo palibe masiku aulere: chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo, kuonjezera pa chindapusa chotapira. Sindinganene kuti munthu asathandize kwawo, maliro sadikira malipiro. Koma ndalama ya zadzidzidzi za kumudzi ndi yofunika kuisunga payokha, kaya mu akaunti ina kaya m'chipereganyu cha anzanu a kutchalitchi, kuti chisoni cha tsiku limodzi chisasanduke ngongole ya zaka. Ndipo kuphonya kulipira kumakhala pa mbiri yanu ku Britain kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Agolosale mukanawafotokozera za malirowo, akanamvetsa. Kompyuta imangolemba tsiku.

Zabwino zomwe kale kunalibe ziliponso. Lamulo la Consumer Credit Act la 1974, pa gawo 75, limati mukagula chinthu cha mtengo wopitirira £100 mpaka £30,000 ndi khadi la ngongole, wogulitsa n'kulephera kupereka, banki nayo ili ndi udindo wokubwezerani. Tikiti ya ndege yopita kumudzi, yogulidwa mwachindunji kukampani ya ndege, imatetezeka motero. Komanso Amalawi okhala ku Britain movomerezeka, monga nzika za Commonwealth, amaloledwa kulembetsa m'kaundula wa ovota, ndipo obwereketsa amagwiritsa ntchito kaundulayo potsimikiza dzina ndi adiresi ya munthu.

Nafe kuno tikulowera komweko. Lamulo lokhazikitsa mabungwe osunga mbiri ya okongola linabwera ku Malawi mu 2010, ndipo ngongole yomwe munathawa kubanki ina imatha kukupezani pamene mukupempha kwina. Ana athu akuphunzira kukongola pa foni, ndi Kutapa kapena Pasavute, popanda munthu wowayang'ana m'maso. M'mabanki m'khonde mokha ndi momwe amayi amadziwanabe mayina ndi makomo. Kwa amene ali kunja, mbiri ija ili ndi khomo lolowera: ku South Africa lamulo la National Credit Act la 2005 limapatsa munthu ufulu woiona kwaulere kamodzi pachaka, ku Britain nakonso imaonedwa kwaulere, ndipo mukapezamo ngongole yosakhala yanu kapena adiresi yolakwika, bungwe losungalo liyenera kufufuza dandaulo lanu.