Za Sitima Yamalasha Yokalamba Imene Ikuyendabe

 Ife amene tikulemba mawu awa tikhala kutali ndi kwathu, m'dziko la England, kumene tinadza kudzagwira ntchito. Ndipo tifuna kukusimbirani chinthu chimene tinaona ndi maso athu pa 25 Febuluwale 2016, pakuti chinatikumbutsa agogo athu amene anatisiya kalekale.

Tsiku lija tinalawira kuli chisanu choluma, ndi kukaima pa siteshoni ya mzinda wa York pamodzi ndi khamu lalikulu, nkhalamba ndi ana omwe. Onsewo anali kudikira mutu wa sitima yamalasha wotchedwa Flying Scotsman, umene unali kudza kuchokera ku London utatha zaka khumi ulikukonzedwa. Unachedwa panjira, chifukwa anthu ena ofuna kuujambula analowa m'njanji, ndipo oyang'anira anauimitsa kuti pasafe munthu. Pomaliza tinamva mluzu patali, utsi unatulukira, ndipo fungo la malasha ndi mafuta otentha litatifika, tinayang'anana osanena kanthu. Linali fungo la chijasi chakale chimene agogo athu ankasunga m'bokosi.

Agogowo pa unyamata wawo anali osonkha moto m'sitima zotsika kuchokera ku Limbe kunka ku Nsanje. Madzulo ankafuna kutifotokozera za ntchito yawo, koma ife pokhala ana tinkathawira kumasewera. Zimene tikulemba panozi tinachita kuziphunzira kwa alendo, tili akulu kale.

Mutu wa sitima yotere uli ngati mphika waukulu wachitsulo wogonekedwa pa magudumu. Kumbuyo kwake kuli ng'anjo. Moto uwiritsa madzi, nthunzi ikankha zitsulo, ndipo zitsulozo zizunguza magudumu. Anthu awiri ndiwo auyendetsa: woyendetsa, ndi wosonkha moto amene aponya malasha ndi fosholo ulendo wonse. Ntchito ya wachiwiriyu siili ya mphamvu yokha ayi. Ayenera kuyala malasha mofanana pa ng'anjo yonse, kuzindikira pa maonekedwe a utsi ngati moto ukupsa bwino, kukolezeratu moto chitunda chisanafike, ndi kupenyetsetsa kuti madzi asatsike. Pakuti akatsika kwambiri chitsulo cha pamwamba pa ng'anjo chifooka, ndipo mphika wonse ukhoza kuphulika.

Flying Scotsman inapangidwa ku Doncaster m'chaka cha 1923, mwa nzeru za mmisiri Nigel Gresley. Pa 1 Meyi 1928 inayenda mamailosi 392 kuchokera ku London kufika ku Edinburgh osaima konse. Izi zinatheka chifukwa ngolo yake ya malasha inali ndi kanjira kopapatiza, kamene anthu awiri opumula ankadzeramo kudzalandira anzawo sitima ili kuthamanga. Ndipo madzi inkatunga m'ngalande zazitali zoikidwa pakati pa njanji, osachepetsa liwiro mpaka kuima. M'chaka cha 1934 inathamanga mamailosi 100 pa ola limodzi. Koma mu 1963, itayenda mamailosi oposa mamiliyoni awiri, eni njanji anaipumitsa, pakuti sitima za dizilo zinali zitafika, ndipo zinzake zambiri zinadulidwa kukhala zitsulo zachabe.

Apa mpamene panayambira nkhani ya anthu amene anakana kuti ife. Bambo Alan Pegler anaigula ndi mapaundi 3,000, osati kuti aiike m'nyumba anthu azingoipenya, koma kuti iziyenda pa njanji zazikulu monga kale. Popeza ngalande za madzi zija zinali kuchotsedwa, anaigulira ngolo yachiwiri yonyamula madzi, ndipo mu 1968 inabwereza ulendo wa ku Edinburgh osaima. Mu 1969 anaiolotsa nyanja kunka nayo ku America. Kumeneko ngongole zinawakulira, chuma chawo chonse chinatha, ndipo sitimayo inatsala ku dziko la eni. Bambo William McAlpine ndiwo anaiombola ndi kuibwezera kwawo mu 1973. Pambuyo pake inapita ku Australia, kumene pa 8 Ogasiti 1989 inayenda mamailosi 422 kuchokera ku Parkes kufika ku Broken Hill osaima, ulendo umene sitima yamalasha ina iliyonse inali isanauchitepo. Mu 2004 nyumba yosungira zinthu zakale za njanji ya ku York inaigula ndi mapaundi 2.3 miliyoni, anthu wamba ambiri atasonkhako ndalama zawo; ndipo kuikonza kunadya ena oposa mamiliyoni anayi.

Taonani tsono kuvuta kwake kwa kuyendetsa nkhalamba yotere masiku ano. Mathanki a madzi a m'mbali mwa njanji anagwetsedwa, kotero galimoto ya madzi iyenera kutsogola kukaidikira pamalo opanganika. Iyenera kupatsidwa mpata pakati pa sitima zamagetsi zoiposa liwiro, kuti isazichedwetse. Dzuwa likaomba udzu n'kuuma, ailetsa kuyenda, kapena aimangirira mutu wa dizilo woithandiza, kuopa kuti nsakali za moto zingatenthe minda ya anthu. Ndipo inu amene mudziwa lupsa la mwezi wa Okutobala simudzadabwa nazo. Pakapita zaka zowerengeka mphika uja auphwasula wonse kuti auyese. Komabe amisiri a kumeneko anena kuti chowadetsa nkhawa koposa ndicho kusowa kwa manja odziwa. Anthu amene anagwira ntchitoyi sitima zamalasha zisanaleke mu 1968 alikutha mmodzimmodzi, ndipo nzeru ya fosholo siilowa m'mutu pongowerenga buku. Chifukwa chake anyamata ndi atsikana odzipereka ayamba ndi kupukuta zitsulo ndi kuwola phulusa zaka zingapo, pansi pa diso la wamkulu, asanaloledwe kugwira fosholo.

Ndipo dziko lija likafuna kuchita mwambo waulemu, kawirikawiri litembenukira kwa nkhalamba zomwezi. Pa 9 Seputembala 2015 Mfumukazi Elizabeth II inatsegula njanji yatsopano ya ku Scotland itakwera sitima yokokedwa ndi mutu wamalasha wotchedwa Union of South Africa; ndipo mu Juni 2023, pokumbukira zaka 100 za Flying Scotsman, mutu womwewo tinauona ku York unakoka sitima ya Mfumu Charles III kufika ku Pickering. Pa masiku otere anthu aona mbendera ndi zovala zokongola. Koma mfumu siikadasuntha ngakhale phazi limodzi pakadapanda munthu wa nkhope yodetsedwa ndi mwaye, amene anadzuka usiku kukakoleza moto.

Sitima itaima pa York paja, tinaona wosonkha moto alikusuzumira pazenera, akupukuta manja ndi kansanza. Anthu anali kuombera m'manja chitsulo. Ife tinali kupenya manja aja, ndipo tinagwidwa ndi manyazi. Agogo athu anali ndi nzeru yomweyo, imene anthu a kuno aifunafuna ndi ndalama zochuluka chotere, ndipo anafuna kutipatsa kwaulere pakhonde. Koma anapita nayo kumanda chifukwa sitinakhale pansi. Zoonadi, mawu a akulu akoma akagonera.

Chotero tikupemphani, abale athu, musachite monga tinachitira ife. Pa mudzi panu alipo wina wodziwa kusula khasu, kuluka nkhokwe yosalowa makoswe, kuumba mtsuko, kapena kusankha mbewu yamakolo yopirira chilala. Kumtamanda kokha sikusunga nzeru yake, monganso utoto sungayendetse sitima. Mutumizeni mwana akakhale pambali pake, ayambe ndi kumtungira madzi ndi kumpatsira zida, kufikira manja ake atazolowera. Chitani zimenezi chaka chino, mkuluyo akali ndi mphamvu zogwira mwanayo dzanja.

Tsalani bwino nonse, ndipo mutiperekere moni kwa akuluakulu a pamudzi.