Kwao kwa Mpesa: Ulendo wa ku Stellenbosch ndi Elgin

Ana a Sande Sukulu ku Nathenje amamva za mpesa ndi nthambi zake pa Yohane 15, koma ambiri sanauonepo munda wamphesa. Nafenso aphunzitsi ao tinkangoyerekeza ndi mpesa wa m'tchire uja woyanga m'mitengo. Munda weniweni tinakauona ku Cape, kumene kunachokera amishoni athu.

Stellenbosch ndi mudzi wakale, wa chaka cha 1679. Pakati pake pali sukulu ya ubusa imene inatsegulidwa mu 1859, kumene anaphunzira Mbusa A.C. Murray, amene pamodzi ndi Mbusa T.C.B. Vlok anayamba ntchito pa Mvera mu 1889, kutatsala zaka 7 kuti Nkhoma ayambe. Munthu akatuluka m'mudzimo, ponse pamene maso afika ndi mizere ya mpesa yomangiriridwa ku waya. Vinyo woyamba m'dzikomo anafinyidwa mu 1659.

Koma chimene chinatigwira mtima chili ku Elgin, kuseri kwa mapiri, munthu akakwera Sir Lowry's Pass. Ndi dera lokwera, lotchuka ndi maapozi. Mphepo ya kunyanja imabwera ndi mitambo, ndipo madzulo munthu amafuna juzi monga pa Nkhoma mwezi wa June. Kumeneko alimi ena anabzala mpesa wotchedwa shiraz. Dzinali ndi la mzinda wa ku Iran, koma mbewuyo kwao ndi ku France, ku chigwa cha Rhône. Kotentha mphesa zake zimapsa mothamanga, shuga nkuchuluka, vinyo nkukhala wolemera ndi waukali. Kozizira zimapsa pang'onopang'ono, nizikololedwa mochedwa. Vinyo wake amatuluka wopepukirako, woŵaŵasa pang'ono, wa fungo la tsabola wakuda. Akali watsopano amaumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa, chifukwa cha makungu ndi njere. Kuumitsa kumeneko pamodzi ndi kuŵaŵasa kuja ndiko kumamsunga: amagona chaka kapena kuposerapo mu mgolo wamtengo, kenaka m'botolo, ndipo wabwino atha kukhala zaka 10 akunka nafeŵa. Izi tinamva kwa olima; ife sitinalaŵe, pakuti chikho chathu ndi cha pa Mgonero chokha.

Tinadzifunsa kuti, nanga pa Nkhoma, pozizira chotere, pakulepherekanji? Nkhani yagona pa mvula. Ku Cape imagwa June ndi July, mpesa uli mtulo, wopanda tsamba. Mphesa zimapsa ndi dzuŵa la January mpaka March. Kwathu imeneyo ndiyo miyezi ya mvumbi, ndipo matsango angaolere pa mtengo.

Kukongola kwa mizereyi kusatiiŵalitse manja oisamalira. Kwa mibadwo yambiri antchito a m'mindayi ankalandira gawo la malipiro ao mu vinyo, mchitidwe wotchedwa dop. Lamulo linauletsa m'ma 1960, koma unadzazilala m'ma 1990. Zipsera zake zikalipo: m'midzi ya antchito muli ana ambiri obadwa ndi bongo wofooka chifukwa amai ao ankamwa ali ndi pakati.

Makolo amene ana anu anatsikira ku Cape Town kukafuna ntchito, dziŵani kuti si onse ali mu mzinda. Pa famu ina tinamva mnyamata akuitana mnzake m'Chichewa cha kwathu, dengu la mphesa lili paphewa. Anati kwao ndi ku Mitundu, ndipo mpingo wopempherako anali asanaupeze.